Mankhwala Oyanika Padzuwa

Faki anakumana ndi Zuwena pa siteji ya daladala, timabasi tonyamula anthu, ku Kizimkazi. Galimoto inali itadzaza, ndipo kondakitala anangonyamula bokosi la Faki la madzi oundana n'kuliika pamiyendo ya mtsikanayo osapempha.

"Nsombazi mundigawirako imodzi," anatero Zuwena. "Ndikuzilera ndine."

Faki anamuuza kuti sizinali nsomba. Anali matumbawe ofewa, zamoyo zomera pamiyala pansi pa nyanja, ndipo anali atawadula m'mawa womwewo. Iye ankaphunzira kusukulu ya za m'nyanja m'tauni, kumene ankafinya matumbawewo pofunafuna timadzi toletsa kutupa kwa ubongo.

Mtsikanayo anasiya kuseka. Bambo ake, a Kombo, anadwala kwambiri chaka chapitacho, ubongo unatupa. Kuchokera pamenepo ankaiwala mayina a ana awo, dzanja likungonjenjemera. Mwezi ndi mwezi ankawatengera kuchipatala.

Apa m'pamene Faki akananena zoona, kuti timadzito anali atangotiyesa pa maselo a mbewa m'kambale kagalasi, ndipo palibe munthu amene anamwapo. Koma maso a Zuwena anali pa iye, ndipo panalibe mkazi amene anamuyang'anapo motero.

"Amagwira ntchito," anatero. "Ndaona ndi maso angawa."

Anatsegula bokosi n'kumuonetsa. Anamuuzanso ndi malo amene amamera.

Mauthenga a pafoni anayamba sabata yomweyo. Faki ankamutchula kuti ngale yake, iye ankamutchula kuti dokotala wanga. Dzinali linkamukomera, ndiye akanalikana bwanji? Tsiku lina analemba kuti: "Ngale yanga, usalirenso. Bambo adzachira ndi manja angawa. Adzakutchula dzina tsiku la ukwati wathu."

Zuwena akafunsa kuti mankhwalawo abwera liti, iye ankayankha kuti posachedwa. Patapita nthawi mtsikanayo analeka kufunsa, ndipo Faki anapuma.

Tsiku lokafunsira mbeta anapita ndi amalume ake awiri, onse atavala mikanjo yoyera. Atangolowa kumpanda, Faki anamva fungo limene ankalidziwa. Pamphasa panali matumbawe oyanika padzuwa, ofota, ntchentche zili ng'waa. Mayi a Zuwena anali kusinja ena mumtondo.

"Takulandirani, apongozi," anatero mayiwo mokondwa. "Onani, ntchito yanu tikuigwira."

Anafotokoza monyadira kuti Zuwena ankapita yekha nyanja ikaphwa kukadula pamalo aja. Ufawo ankausungunula m'tiyi wa bambo m'mawa ndi madzulo. Kuchipatala analeka kupita kalekale. Nanga n'kuvutikiranji pamzere, mankhwala enieni ali pakhomo?

Zuwena anabwera ndi khofi ndi haluwa, chakudya chotsekemera cholandirira alendo. Faki anaona manja ake, ali zidzolo zokhazokha mpaka m'zigongono. Mtsikanayo anamwetulira, nati anafuna kudzamudabwitsa.

Amalume aakulu anali atayamba kale kumutama mphwawo. Faki akanatha kukhala chete, kumwa khofi, n'kutenga mkazi wake. Koma anayang'ana a Kombo atatsamira khoma, ataonda, mlomo utapindikira kumbali, kapu ili m'manja.

"Mayi, musawapatsenso," anatero. Mawu ake anatuluka otsika kwambiri, moti anabwereza.

Kenaka ananena zonse, maso ali pansi. Timadzi tija timafa tikangotenthedwa, n'chifukwa chake ankanyamula m'madzi oundana. Matumbawe ena ali ndi poizoni. Ngakhale kusukulu kwawo kunalibe mankhwala, kunali kambale ndi maselo a mbewa basi. Mwina padzapita zaka khumi, mwinanso osatheka n'komwe.

Munsi unaima. Amalume aang'ono anavula chipewa chawo n'kumachiyang'ana mkati.

"Mbewa?" anafunsa Zuwena.

"Inde."

"Ndiye pamene unkandilembera kuti adzanditchula dzina, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Zuwena sanalire. Anaika thireyi pansi bwinobwino, nalowa m'nyumba kukatenga nsapato za bambo ake. Atatuluka analankhula naye ngati mlendo: "Achimwene, tithandizeni kuwanyamula mpaka kumsewu. Mukatero muzipita."

Faki anawabereka kumsana. Anali opepuka ngati mwana. Pa siteji ija anawakweza m'daladala n'kuwakhazika pafupi ndi zenera. Zuwena anakhala pambali pawo, maso ali kutsogolo.

Faki ali pafupi kutsika, nkhalambayo inamugwira dzanja ndi dzanja lake lonjenjemera lija. Dzina la mwana wawo anali ataliiwala, koma Fakiyu anamuzindikira.

"Dokotala," anatero a Kombo, "mankhwala anu aja ndi owawa. Koma sindinadumphitseko tsiku."

Kondakitala anamenya chitseko, galimoto inanyamuka. Faki anatsala pamsewu ndi mkanjo wake woyera. Madzulo analemba uthenga wofunsa zimene madokotala ananena, naufufuta, naulembanso. Yankho linabwera m'mawa mwake, la mawu ochepa: "Awagoneka. Musandilemberenso."