Sefa Inatsala pa Zenera

Tsiku limene ankachoka, mvula inagwa ngati yachita kutumidwa. Malaya ake abwino anali amodzi okha, ndipo anakana kuuma. Mlongo wake wamkulu anawagwirira pamwamba pa mbaula mpaka chala chinatuluka thuza, koma kolala inakhalabe yonyowa. Pa depoti ya basi, akunjenjemera m'malaya achinyeziwo, mnyamatayo anakweza dzanja ngati ali m'khoti.

"Achemwali, ndikadzabwera ine, simudzayanikanso chovala pa chingwe. Ndalumbira."

"Kwera basi iwe, ingakusiye," anatero mlongo wakeyo.

Anabwera tsitsi litayera, mlongoyo ali kale wamasiye wa zidzukulu. Anthu a mumsewu wawo sanavutike kukumbuka dzina lake, anangomutcha Mtchona. Nyumba ya kanema imene ankaonerako mafilimu a zibakera anaipeza itasanduka sitolo ya matayala. Mtengo wa pakhomo unadulidwa. Anzake ena anali kumanda, otsalawo ankangomufunsa ngati wawabweretsera foni. Iye sanabwere ndi galimoto, sanabwere ndi mkazi. Anabwera ndi makina oumitsira zovala, oyera mbee, okhala ndi chitseko chagalasi chozungulira.

Anawaika m'kachipinda ka kuseri, nabowoletsa khoma kuti paipi ya mpweya wotentha izitulukira panja. Kenako anatenga sizasi n'kukadula chingwe choyanikira zovala, banja lonse likuona.

"Makina awa ndi ng'anjo yovala suti," ankatero kwa aliyense wobwera kudzaona. "Sefa iyi muzichotsamo ubweya nthawi iliyonse mukamaliza. Ubweya wa zovala umayaka kuposa udzu wouma. Chovala chimene chakhudza petulo chisalowemo, ngakhale mutachichapa kawiri. Ndipo musawasiye akuzungulira inu n'kupita kokacheza."

Adzukulu ankaseka kuseri kwa chitseko. Womvetsera mwachidwi anali mmodzi yekha, mng'ono wa malemu mwamuna wa mlongo wake, amene nyumba yonse inkangomutcha Mlamu. Anali munthu wa mabizinesi ambirimbiri, onse omwalira asanamere mano.

"Zamveka, bwana mlamu," ankatero akugwedeza mutu. "Ndiye mwati bulangete limauma nthawi yaitali bwanji?"

Makinawo anabedwa Lamlungu m'mawa, mkati mwa mvumbi umene unali utatha sabata osakata. Banja lonse linali kutchalitchi. Mtchona anakhala pa benchi ya kumbuyo akudandaula kuti nyimbo za masiku ano zikuthamanga ngati zikuthawa galu. Pobwerera masana anapeza chitseko cha kachipinda kaja chili yasa. Loko sanathyoledwe. Pansi panatsala malo oyera a makona anayi. Paipi inali lende pakhoma. Mzere wa tayala la wilibala unayenda mpaka pa geti, kumene mvula inaufufuta.

Pa zenera panali sefa. Iye mwini anaitsuka m'mawa n'kuiika pamenepo kuti iume.

Anaitenga, nakhala pansi pa sitepe.

"Akuba a masiku ano akuba ndi dzuwa lomwe," anatero mlongo wake, akukutumula ambulera. "Dzuka, ukagule chingwe ku golosale. Tichimanga pakhonde."

"Chingwe pano sichimangidwa."

"Beseni ladzaza ndi mayunifolomu a ana. Avala lumbiro lako popita kusukulu?"

"Ndipatseni mpaka Loweruka, achemwali. Makina abwera."

Mlongoyo anamuyang'ana monga ankamuyang'anira ali mwana akakana kusamba. "Loweruka," anatero. "Likadutsa, ndikumangirira iweyo pa chingwepo."

Madzulo Mlamu anabwera kudzapepesa. Anaima m'kachipindamo manja ali m'chiuno, akupukusa mutu.

"Dziko laipa, bwana mlamu. Kale kunalibe zoterezi."

Aka kanali koyamba munthu kunena mawu amene Mtchona ankagwirizana nawo chibwerereni. Anamupangira tiyi, namuthirira shuga wambiri.

Lolemba m'mawa anali kupolisi. Denga linkadontha, ndowa ili pakati pa ofesi. Pa desiki panali Sajeni, mayi wathupi lake, wogwira cholembera chomangidwa ndi ulusi kuti chisayende ndi anthu.

"Mwati chabedwa n'chiyani, bambo?"

"Makina oumitsira zovala."

"Ochapira."

"Oumitsira. Kuchapa amachapa ndi manja achemwali."

Sajeni anaika cholembera pansi. "Munawoloka nyanja zonsezo kukatenga dzuwa? Kuno lilipo laulere."

"Lili kuti?" anafunsa Mtchona, akuloza ndowa ija.

Wapolisi wina pakona anaseka mpaka kutsokomola. Mtchona anatulutsa sefa m'chikwama, naiika pa desiki.

"Wakubayo wasiya ichi. Popanda ichi, ubweya ukulowa mpaka kumene kumatenthetsa mpweya. Paipi nayonso waisiya. Mayi, sindikulirira katundu yekha. Munthu ameneyu apsa, ndipo sapsa yekha."

"Tifufuza," anatero Sajeni.

M'tauni monsemo, mawu okhawo ndiwo anali asanasinthe chichokereni iye.

Masiku otsatira anazungulira yekha. Anapita kwa ogulitsa mafiriji akale, kwa okonza mawailesi, kwa ogula zitsulo. Aliyense ankayang'ana sefa ija n'kufunsa ngati ndi yosefera ufa. Wina anamugulitsa ambulera yothyoka nthiti. Kunyumba beseni linabala lina. Mlongo wake ankangoyeza ndi mapazi mtunda wochokera pa geti kufika pa zenera la kuseri, akuimba nyimbo ya kwaya.

Lachinayi chakumasana anabwereranso kupolisi, nsapato zikulira madzi. Ofesi yonse inkanunkha nguwi ya zovala zosauma. Apolisi anali m'mayunifolomu achinyezi, onse kupatula Sajeni. Yake inali youma gwa, koma yodzaza ndi tiubweya tofiirira, paphewa, pachifuwa, ngakhale pa chipewa. Ankatitola ndi zala, nkhope ili tsinya.

"Sitinapeze kanthu, bambo. Galimoto ilibe mafuta."

Mtchona anatambasula dzanja, natola kaubweya kamodzi pa mkono wa yunifolomuyo, nakafikisa pakati pa zala.

"Mukugwira wapolisi ali pantchito?"

"Pepani, mayi. Ubweya uwu ndi wa bulangete. Muli ndi bulangete lofiira kwanu?"

"Ayi."

"Yunifolomu yanu yauma bwanji mvula yonseyi?"

"Abambo akunyumba anapita nayo kuseri kwa msika dzulo. Akuti kwatsegulidwa malo, munthu ukapereka zovala zonyowa, ukamamaliza kugula tomato zimakhala zita..."

Sajeni anasiyira pomwepo. Anayang'ana mkono wake. Anayang'ana Mtchona. Kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa unyolo.

"Nkhani ya yunifolomuyi isatuluke m'chipinda muno," anatero. "Tiyeni."

Anayenda wapansi, ambulera imodzi anthu awiri, mayi wouma ndi bambo wonyowa. Anadutsa pogulitsira nsapato, napyola kanjira kamatope pakati pa malo ometera ndi galaja. Mtchona anapazindikira. Kachipinda kakumapetoko kanali kojambulira zithunzi, ndipo chithunzi cha pasipoti yake yoyamba anajambulitsa momwemo. Kanalibe zenera ngakhale limodzi. Tsopano pamwamba pa chitseko panali katoni yolembedwa ndi makala: DZUWA LA MAGETSI. TIMAUMITSA POMPOPOMPO.

Pakhonde panali mzere wa amayi, aliyense ndi beseni la mabulangete ndi matewera onyowa. Waya wamagetsi wolumikizalumikiza unatuluka pansi pa chitseko, nudutsa m'matope, n'kukalowa kwa wometa. Kutsogolo kwa mzere kunaima makaniko wa pa galaja, chimunthu chachitali, ali ndi kabudula ndi vesiti basi, akudikira chovala chake. M'katimo munkamveka kulira kumene Mtchona akanakuzindikira ngakhale ali m'tulo.

Chitseko chinatseguka. Kunatuluka nthunzi, ndipo m'nthunzimo munatuluka Mlamu, ndevu ndi nsidze zili ubweya wokhawokha ngati nkhosa.

"Wotsatira akonze... Aa, bwana mlamu. Ndimati ndikuimbireni."

Mtchona sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anali m'kati. Makoma ankachucha madzi. Ubweya unali pansi, pa alumali, pa babu, utaunjikana kuseri kwa makina ngati thonje losagulidwa. Ndipo pansi pa fungo la sopo panali fungo lina.

"Mwaikamo chiyani umu?"

"Ovolosi ya akuluwa basi. Yochapachapa."

"Dzulo ndimatsitsa thanki ya petulo," anatero makaniko monyadira. "Inandikhuthukira thupi lonse."

Kuseri kwa galasi lozungulira kunali kutada ndi utsi. Mtchona anaponya ambulera, nathamanga motsatira waya uja ndi maondo ake okalamba, nalowa kwa wometa n'kuzula pulagi kukhoma. Makina ometera nawo anazima, munthu atametedwa mbali imodzi.

"Musatsegule chitseko cha makinawo," anakuwa akubwerera. "Mukatsegula mulowetsa mpweya."

Mlamu anayang'ana Mtchona, nayang'ana makaniko, amene ankafunsa kuti ovolosi yake ili bwanji. Anayeza kuti woopsa ndani. Anatsegula.

Moto unatuluka ndi mkokomo, numunyambita kumaso. Unagwira ubweya wa pansi, nuthamanga m'mbali mwa khoma ngati khoswe. Mlamu anagwa chagada pakhomo.

"Amayi, mabulangete!" analamula Sajeni. "Onyowawo, ponyani."

Panalibe wofunsa kawiri. Mabulangete amene anabwera kudzauma anagwera pa motowo limodzi pamwamba pa linzake, matewera pambuyo. Makaniko anabweretsa ndowa ya mchenga ya pa galaja. Wometedwa mbali imodzi uja anathandiza kupondaponda, nsalu ili m'khosi. Posakhalitsa munangotsala utsi, kutsokomola, ndi mayi wina wofunsa kuti bulangete lake laukwati alipira ndani.

Mlamu anaona kuti aliyense watanganidwa. Anakwawa, nadzuka, nayamba kulowera ku kanjira kaja. Makaniko anamugwira lamba ndi dzanja limodzi, namubweza ngati akubweza mbuzi.

"Mukupita kuti opanda nsidze?" anafunsa Sajeni.

"Kukaitana ozimitsa moto, mayi."

"Tazimitsa kale. Makina awa ndi anu?"

"Ndi a m'banja. Ndinangobwereka. M'banja mulibe kuba, mayi, mufunseni mlamu wangayu."

"Munabwereka ndi kiyi wa yani?"

"Wa malemu achimwene. Anandisiyira."

"Anakusiyirani kiyi wa loko wogulidwa chaka chino?" anafunsa Mtchona.

Mlamu anakanda pamene panali ndevu. "Ndimafuna ndikuonetseni kuti makinawa akhoza kudyetsa banja. Inu mumangowapukuta ngati mwana wakhanda. Ndipo kulakwa n'kwanu, bwana mlamu. Munandiuza za sefa, koma simunandiuze kuti mwaichotsa."

Amayi aja anaseka, ngakhale wa bulangete laukwati. Sajeni anamuveka unyolo.

"Kuthyola nyumba, kuba, kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Za kubwerekazo mukauze a majisitireti, amakonda nthabwala."

"Mayi, si inu a yunifolomu ija? Ndinakuumitsirani bwino lomwe dzulo."

"Yendani," anatero Sajeni, akumukankha msanga.

Mtchona anatsala m'kachipindamo. Anachotsa mabulangete limodzilimodzi. Makina anali bii. Galasi linasweka, mabatani anasungunuka n'kuyenderera. Anatulutsa sefa m'chikwama, nayesa kuilowetsa m'malo mwake. Malowo anali atapindika, ndipo sinalowe. Anaiika pamwamba.

Apolisi anabwereka wilibala ya pa galaja, imene makaniko anaizindikira kuti ndi yomwe Mlamu anadzabwereka Lamlungu m'mawa ponena kuti akukatuta manyowa. Anakweza makinawo ngati umboni. Gulu linayenda mumsewu waukulu, Mlamu patsogolo, wilibala pakati, amayi ndi mabeseni awo pambuyo kukapereka madandaulo. Ogulitsa m'mbali mwa msewu ankafunsa ngati ndi firiji yaphulika.

Pofika kunyumba, nkhani inali itafika kale. Mlongo wake anamuchingamira pa geti, namununkhiza, namuyang'ana manja ngati apsa.

"Wafa munthu?"

"Ayi."

"Wapsa munthu?"

"Nsidze za Mlamu."

"Zimera. Vula malayawo, akununkha utsi. Ukawaponye m'beseni."

Loweruka mvula inakata. Mlongo wake anamanga chingwe chatsopano kuchokera pa geti kufika pa zenera la kachipinda ka kuseri, n'kuyanika zovala.