Mpando Wozizira M'galimoto ya a Amidu

Nkhaniyi sindinaitole m'mphepo ayi. A Ezara, amene anali makaniko kuseri kwa msika wa Katete, anaikhudza ndi dzanja lawo, ndipo mpaka muukalamba wawo ankaifotokoza osasinthako liwu.

Munali mu Okutobala 1978 pamene a Amidu, eni sitolo ya nsalu m'mbali mwa msewu waukulu, anagula galimoto yakale yoyera kwa bambo wina wa ku Kitwe. Dzuwa linali loswa mtengo. Kutsogolo kwa galimotoyo kunkatentha mpaka malaya kumamatira kumsana, koma kumpando wakumbuyo, mbali ya kumanzere, kunkazizira ngati kudambo m'mawa wa mu Juni.

A Amidu anapita nayo kwa a Ezara.

"Galimoto iyi ilibe choziziritsira," anatero a Ezara. "Ili ndi hita ndi kafani basi, ndipo zonsezo zimapumira kutsogolo."

Komabe anazula mpandowo, nafufuza ngati pansi panali pobooka. Anatseka mapaipi onse ndi sanza, n'kuisiya galimoto padzuwa masana onse, injini yozima, magalasi otseka. Atatsegula chitseko, chifundizi chinawawomba kumaso. Koma atapisa dzanja pakona paja, thupi lonse linachita tsemwe.

"A Amidu, ine ndimakonza zitsulo," anatero chapansipansi. "Izi si zitsulo."

A Amidu anangoseka. M'nyengo yotentha choncho, mpando wozizira n'chinthu chodandaula nacho? Anthu amene ankawanyamula popita ku Sinda ankachita kulimbirana malowo. Chokhacho, aliyense wokhalapo ankawodzera galimoto isanapite patali, ndipo podzuka ankakhala duu, maso ali kutali. Ukamufunsa, ankanena zofanana ndi anzake: mitengo ya mango, kamtsinje kamchenga, nyumba imodzi yokha.

Kenako Sauda, mwana wawo wa zaka zisanu ndi zinayi, anadwala malungo. Pochokera kuchipatala, amayi ake a Zuhura anamugoneka pampando uja kuti thupi lizizireko. Mwana anagona tulo tabwino, mpaka kumwetulira. Atafika kunyumba anamugwedeza, koma sanadzuke. Akamunyamula kulowa naye m'nyumba, ankatentha ndi kubuula. Akamubwezera m'galimoto, ankakhala phee. Shehe anabwera kudzawerenga dua, pemphero la Chisilamu, koma mwana sanatsegule maso. Panapita masiku awiri, a Zuhura ali pambali pake, akumudontheza madzi pamilomo.

Tsiku lachitatu masana, Sauda analankhula ali chitsinzinire.

"Kodi tafika ku Vubwi?"

Mawu sanali ake. Anali a mayi wamkulu, wotopa, wolankhula mokoka ngati anthu a kumalire. Ndipo Sauda anali asanapondeko ku Vubwi chibadwire.

A Amidu anathamangira ku positi ofesi kukaimbira lamya bambo wa ku Kitwe uja. Atamufotokozera za mawu aja, bamboyo anaulula.

"Anali mkazi wanga, Nelia. Anadwala, n'kupempha kuti ndikamutule kwawo ku Vubwi. Anatsirizikira pa Katete pomwepo, pampando umenewo. Ndinaopa abale ake. Ndinamuika m'manda a paboma, n'kubwerera."

Kutacha ananyamuka ulendo wa ku Vubwi, a Amidu pachiwongolero, a Zuhura kumbuyo atafunda bulangete, mutu wa mwana uli pamiyendo pawo. Anadutsa Chadiza dzuwa litakwera. Fumbi linkayandama pamsewu osagwa pansi, ndipo mapiri ankaoneka ngati akusambira m'madzi. A Amidu thukuta linali kamukamu, koma akayang'ana pagalasi ankaona mpweya wa akazi awo ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Sankamvanso mabampu. Galimoto inkangoyenda ngati yanyamulidwa m'manja.

Mwadzidzidzi nyenje zonse zinaleka kulira.

M'galimoto munamveka fungo la dothi lonyowa. Kunja kunalibe mtambo.

"Kumanzere," anatero mawu aja.

A Amidu anakhota. Kanali kanjira ka ngolo.

"Pang'onopang'ono. Pali chitsa."

Chitsa chinalipodi.

Anawoloka kamtsinje kamchenga. Mitengo ya mango inali iyo, zipatso zili lendelende, ndipo pansi pake panali nyumba imodzi. Pakhonde panakhala bambo wokalamba akuluka mphasa. Dzina lawo a Amidu anadzalimva pambuyo pake, kuti ndi a Nikodemo, bambo ake a Nelia.

"Pano."

A Amidu anazima injini. Anatsika n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Anangonena zimene ankauza aliyense wokwera galimoto yawo.

"Mayi, tafika."

Kuzizira kunawadutsa m'maondo. Masamba ouma anagwedezeka, limodzilimodzi, kulowera kunyumba ija. Nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo zinapatuka mwakachetechete. Nkhalamba ija inaika mphasa pansi, n'kusuntha miyendo ngati ikupereka njira pakhomo.

"Wachedwatu, Nelia," inatero.

Pomwepo Sauda anatsegula maso. "Amayi, ndili ndi ludzu," anatero ndi mawu ake enieni. A Zuhura anamukumbatira, misozi ili chuchuchu.

A Nikodemo anatunga madzi m'chikho, napatsa mwanayo. Sanafunse kuti alendowo ndi ndani. Anamvetsera zonse zimene a Amidu anafotokoza, akugwedeza mutu. Kenako anasuzumira m'galimoto.

"Nanga winayo?"

"Wina uti, bambo?"

"M'kalata yake yomaliza Nelia anati ndi woyembekezera. Miyezi isanu ndi itatu."

A Amidu anacheukira kumpando wakumbuyo uja.

Pobwerera, kumbuyo kunkatentha mofanana ndi kutsogolo, ndipo Sauda ankaimba n'kumawerenga ng'ombe za m'njira. Atayandikira Katete, a Zuhura anayendetsa dzanja pampando uja, n'kulibweza msanga. Pakona penipeni panatsala kamalo kozizira, kokula ngati zikhatho ziwiri.

Sauda anachira, ndipo sanakumbuke kanthu. A Amidu anabwererako ku Vubwi kawiri, n'kutsegula chitseko pansi pa mango paja, a Nikodemo akuitana mofatsa. Palibe chinatuluka. Mwina mwana wa Neliayo sankadziwa kuti kumeneko n'kwawo. Mwina sankatha kutsika yekha.

Galimotoyo sanaigulitse, ndipo pakonapo sanalolenso munthu kukhalapo. M'mawa uliwonse a Zuhura ankafunditsapo kachitenje kofewa, n'kukapindira bwino m'mbali. Nthawi zambiri akabwera madzulo ankakapeza momwemo. Koma masiku ena ankakapeza katagwera pansi, katakwinyika kumapeto, monga amachitira khanda likamapalasa miyendo m'tulo.