Donasi la Phazi la Nkhuku

Mvula inali itangoyamba kuwaza pamene Mawaya anafika pasiteji ya basi atakumbatira kabokosi ka pulasitiki. Dzina limeneli anam'patsa ndi anzake a pamsika chifukwa m'matumba mwake simunkasowa tizidutswa ta waya. Ntchito yake inali yokonza mawailesi, maketulo, masimbi ndi chilichonse chodya magetsi. Anali asanakwatire ndipo sankadandaula. Bwenzi atangokhala choncho!

"Achimwene, sunthirani kuno. Chakudya chanucho chinyowa."

Anali mtsikana wa ambulera yofiira, wa mano oyera ndi mawu ozizira bwino. Mawaya analowa pansi pa ambulera ija, ndipo posowa chothokozera anatsegula kabokosi.

"Tengani limodzi, achemwali. Ndi madonasi, ndapanga ndekha."

"Inuyo? Ndi zala za girisizi?"

"Ndimasamba kaye."

Mtsikanayo anaseka, n'kugwira donasi ndi kapepala koyera. Analuma kamodzi. Kenaka anayang'ana kapepala kaja uku ndi uku.

"Koma zoona? Pepalali lili gwa, mafuta palibe! Mwakazinga ndi chiyani?"

"Ndi mphepo."

"Musandinamize m'mawa muno."

Mawaya anafotokoza. Kasitomala wina anam'tayira makina okazinga ndi mpweya wotentha, aja amati eyafulaya, akuti afa. Iye anawadzutsa. Mkati mwake muli kadengu kawaya, ndipo ukaikamo chakudya chimapsa popanda kusambira m'mafuta.

Apo nkhope ya mtsikana ija inagwa.

"Adadi anga amadwala mtima," anatero motsitsa. "Anandilera okha amayi atamwalira. Madonasi ndiye moyo wawo, koma adokotala anawaletsa zamafuta. Amangowayang'ana m'sitolo ngati mwana."

"Tengani bokosi lonse."

"Ayi, nanga inu mudya chiyani?"

"Ndakhuta kale," anatero Mawaya, m'mimba mukulira.

Basi isanafike anali atapatsana manambala. Dzuwa lisanalowe uthenga woyamba unalowa: "Adadi adya mpaka kunyambita zala. Mulungu akudalitseni, dokotala wa makina." Mwezi usanathe, "inu" anali atasanduka "iwe," dokotala wa makina anali atasanduka Switi, ndipo mtsikana uja anali Duwa.

Mawaya ankagona m'kachipinda kuseri kwa shopu yake. Ankadzuka m'bandakucha, n'kutenthetsa mkaka mpaka ufunde ngati madzi osambitsira khanda. Ankathiramo yisiti, n'kudikira thovu. Kenaka fulawa, dzira, kamchere, shuga wochepa poganizira mtima wa adadi. Ankakanda mpaka mikono kuwawa, n'kuvundikira kuti zifufume. Akadula ndi kapu n'kuboola pakati ndi chitsekerero cha botolo, ankavundikiranso kuti zifufume kachiwiri. Apa m'pamene panali chinsinsi. Oyamba aja, asanaphunzire kudikira, ankatuluka ngati miyala yogendera agalu.

Kadengu ka makinawo kanali kobooka pakati, ndipo Mawaya anakasoka ndi waya wopota. Choncho donasi lokhala pakatipo linkatuluka ndi chidindo kunsi kwake, mizere itatu yonga phazi la nkhuku.

"Ili ndi lako," Mawaya anamuuza Duwa tsiku lina pasiteji. "Enawa ndi a adadi, koma la chidindoli usapatse munthu."

"Ndilidya pang'onopang'ono ndikuganiza za iwe, Switi wanga."

"Nanga kwanu ndifika liti?"

"Adadi akangopezako bwino. Ndikulonjeza. Iwe ndi ine mpaka imfa."

Mpaka imfa! Ndi angati anamvapo mawu amenewa n'kugona akumwetulira?

Mauthenga ankagwa ngati mvula. "Mtima wanga uli m'manja mwako ngati fulawa, uukande bwino." "Popanda iwe ndine keke yopanda shuga." Mawaya ankawerenga mobwereza mpaka waya wowotcherera kum'psereza chala. Koma panali malamulo. Madzulo asaimbe, foni imadzidzimutsa adadi. Asam'perekeze, anthu apanjira ndi amiseche. Kushopu Duwa sankabwera, akuti pamsika pali maso ambiri.

Khomo loyandikana ndi shopuyo linali la mayi wina wosoka zovala, amene aliyense ankangomuti Atelala. Iwo ndiwo sankabisa mawu.

"Achimwene, mlamu wathuyo tidzamuona liti? Kapena ndi mzukwa?"

"Ali ndi odwala kunyumba."

"Odwalawo dzina lawo ndani? Amakhala msewu uti?"

Mawaya anangopitiriza kumasula wailesi.

"Ine ndasoka madiresi aukwati ochuluka," anatero Atelala akudula ulusi ndi mano. "Mkazi akakukonda, amakukokera kwawo ngakhale mvula ikugwa. Uyu akukonda iwe kapena bokosi?"

"Nsanje basi, chifukwa inu sindikupatsani."

"Ee, ndi nsanje. Koma mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."

Mawuwo anam'baya, koma m'malo mobwerera m'mbuyo, Mawaya anathamangira kutsogolo. Anagula mphete, n'kuibisa m'kachitini ka masikuluwu. Anatsimikiza kuti Loweruka akagwada pasiteji pomwepo, anthu aseke ngati akufuna. Duwa akavomera, apite limodzi kwa adadi tsiku lomwelo.

Loweruka m'mawa, madonasi ali m'bokosi, mphete ili m'thumba, foni inalira. "Lero sindibwera, Switi. Kunyumba kwavuta. Usaimbe."

Kodi matenda a adadi akula? Kapena madonasi a dzulo anali ndi batala wambiri? Analemba uthenga, osayankhidwa. Analembanso, zii. Anatsegula shopu, koma ketulo imene anaimasula anaibwezera chimodzimodzi osaikonza.

Chakumasana galimoto yotuwa inaima pakhomo. Munatuluka bambo wachikulire wa imvi m'mbali, atanyamula katoni. Ankayenda pang'onopang'ono, ndipo atafika pakauntala anayamba wapuma kaye, dzanja lili pachifuwa.

"Amisiri, akuti pamsika pano wodziwa makina awa ndinu."

"Khalani pampando, bwana. Avuta chiyani?"

M'katonimo munali eyafulaya yatsopano, yonyezimira, mapepala ake asanachoke n'komwe.

"Ndagulira mkazi wanga dzulo," anatero mkuluyo. "Ine ndimadwala mtima, zamafuta anandiletsa. Ndiye mkazi wangayu, mwana wabwino, amandipangira madonasi opanda mafuta. Tsiku ndi tsiku! Amakapangira kwa mnzake wakuntchito amene ali ndi makinawa. Ndinati ayi, asamavutike m'makhitchini a eni, ndim'gulire ake. Koma taonani zimene atulutsa."

Anamasula kathumba n'kugwetsa donasi pakauntala. Linalira kuti gu! Lakuda kunja, lolemera ngati mwala.

"Iye akuti makinawa ndi akufa. Amene amapanga masiku onse ndi awa, ndasungako la dzulo kuti muone kusiyana."

Anatulutsa lina, lofewa, lagolide. Mawaya analidziwa lisanafike m'manja mwake. Komabe analitembenuza, mtima ukupempha kuti kunsi kukhale kosalala.

Phazi la nkhuku.

Shopu yonse inazungulira. Mawailesi, mawaya, nkhope ya mkuluyo, zonse zinasakanikirana.

"Mwaona kachidindoko?" mkuluyo anamwetulira monyada. "Limenelo amandisungira padera. Amati, 'Ili ndi lanu, mwamuna wanga, chizindikiro cha chikondi changa.' Ndimalidya pomaliza."

Kukhomo lina, makina osokera a Atelala anali atasiya kulira.

"Akazi anuwo... ali kuti, bwana?" Mawu a Mawaya anatuluka ngati a munthu wina.

"M'galimotomo. Tangokhotera pamsika pano, mutu wayamba kuwapweteka." Anatembenukira kukhomo. "Amayi! Tabwerani mudzafotokoze nokha, ine za kukhitchini sindizidziwa!"

Chitseko cha galimoto chinachedwa kutseguka. Kenaka nsapato zinagogoda pakhonde, pang'onopang'ono. Duwa analowa atavala magalasi akuda, ndipo pachala pake panali mphete yaukwati imene Mawaya anali asanaionepo.

"Moni, amisiri," anatero, maso ali pansi.

Amisiri! Dzulo lomweli anali Switi.

"Zikomo, mayi," anayankha Mawaya.

Analumikiza makina atsopano aja kumagetsi. Analira bwinobwino, mpweya wotentha n'kuyamba kutuluka. Mawaya anatsitsa dzanja kunsi kwa kauntala. Kumeneko chala chake chinakhudza chogwirira cha kadengu kake kakale, kamene anakatsuka m'mawa n'kukayanika pashelefu.

"Chondidabwitsa china," anapitiriza mkuluyo, "n'chakuti makinawa satulutsa chidindo chija. Kodi pali pokanikiza?"

Mawaya anagwira kadengu kaja mwamphamvu. Kungokakweza basi, n'kukaika pakauntala pafupi ndi donasi. Waya wopota uja akanalankhula yekha. Duwa anaona pamene panali dzanja lake. Anavula magalasi, maso ali mbwembwembwe ndi misozi, milomo ikunena chamumtima: chonde.

Chifundo cha Mawaya pa Duwa chinali chitauma. Koma mkulu uja anali atatulutsa kabotolo ka mapiritsi, akulimbana ndi chitsekerero ndi zala zotupa, mpweya ukuvuta. Munthu ameneyu Mawaya anam'dzukira m'bandakucha miyezi yonseyi. Anam'chepetsera shuga. Anam'pempherera kuti achire. Ndiye amuphe lero, pampando wa m'shopu yake?

Anasiya kadengu kaja.

"Pokanikiza palibe, bwana. Chidindo chotere chimachokera m'dengu lobooka limene wina anachita kusoka. Makina abwino satulutsa."

"Ooo! Ndiye a mnzakewo ndi okalamba ngati ine!" Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga athuwa?"

"Alibe vuto lililonse." Mawaya anatembenukira kwa Duwa. "Mayi, munavundikira kangati?"

"Ka... kamodzi."

"Mwaiwala. M'makina achilendo munthu amasokonezeka. Mkaka ukhale wofunda, osati wotentha, mungaphe yisiti. Mukadula, muvundikirenso zifufume kachiwiri. Makina muyambe mwawatenthetsa. Musadzaze dengu, mpweya umafuna njira. Batala mungopaka pang'ono pamwamba. Shuga muchepetse, mukudziwa mtima wa..." Anatsala pang'ono kunena kuti adadi. "Mtima wa amuna anu."

"Mwamva, amayi?" anatero mkuluyo. "Mnyamatayu akudziwa ngati amapanga yekha! Amisiri, mkazi amene adzakwatiwe ndi inu adzakhala wodala. Mulipo kale pabanja?"

"Ayi, bwana. Ndinali pafupi."

"Limbani mtima. Akazi abwino alipo, ine ndine mboni."

Mawaya anawanyamulira katoni mpaka kugalimoto. Duwa sanacheuke.

Atabwerera anapeza Atelala ataima pakhomo, tepi ili m'khosi. Mawaya anadikira kuti anene za mbuzi ija. Koma iwo anangopukusa mutu.

"Bwenzi nditakhala kuti ndinalakwitsa, achimwene."

Foni inalira galimoto isanathe n'komwe kukhota. "Switi, ndidzafotokoza zonse. Iwe ndiye ndimakukonda, uyu anachita kundikakamiza achibale."

Asanapume, unalowa wina. "Koma Lolemba undipangireko, chonde. Ine sindingathe, ndipo akapanda kupeza la chidindo afunsa."

Mawaya anawerenga uthenga wachiwiriwo mpaka zilembo kusungunuka. Ndiye chimene chinkalira pamenepa chinali chiyani, mtima kapena bokosi? Anafufuta nambala ija. Mphete anaibwezera m'kachitini ka masikuluwu, n'kutseka mwamphamvu.

Kenaka anatenga bokosi la m'mawa lija n'kupatsa Atelala.

"Idyani ndi ana."

Iwo anatsegula, n'kutola lapakati lija. "Nanga ili la chidindo?"

"Ndi donasi basi. Idyani."

Anakhala pampando, kadengu kali pamiyendo, pulayala ili m'manja. Anadula waya wopota uja, n'kuusolola, n'kuuponya m'mulu wa zinyalala. Pakati pa dengu panatsala bowo lija, loonekera mbali zonse, monga mmene linalili asanalisoke.