Mlezi Wothyoka Mkono

Ngakhale atamugoneka chagada patebulo, mlezi uja sanasiye ntchito. Mkono wake wamanja unkangosisita m'malere ngati ukutonthoza khanda, maso ake agalasi akufunafuna mwana m'chipindamo. Wamanzerewo unali lende, mawaya ali panja.

Pofika chaka cha 2071, nyumba zambiri mu Blantyre zinali ndi roboti yolera ana, imene anthu ankangoitchula kuti mlezi. Mlezi ankasambitsa mwana, kumumwetsa phala, kudziwa malungo pongomukhudza pachipumi, ngakhale kumubereka ndi chitenje. Zonse zimene waona ankazisunga pachifuwa, m'kabokosi kotchedwa nkhokwe.

Pa alezi amenewa panali malamulo awiri osamwerana madzi. Loyamba linkaletsa mlezi kuulula chilichonse cha m'nyumba, pakuti ndani angagule kazitape n'kumuika pabalaza pake? Lachiwiri linkati wokonza makina aliyense akatsegula nkhokwe n'kuona mwana akuzunzidwa, auze apolisi tsiku lomwelo. Akabisa, ndende inali yake.

Yolamu Kachingwe, amene ankakonza alezi m'kashopu kake ku Limbe, lamulo lachiwirili ankaliyamikira kwambiri. Kuyamikira n'kosavuta nkhani ikakhala ya eni ake. Koma mlezi wa tsiku limeneli anabwera naye ndi mlongo wake weniweni, Esinta, amene anayamwa naye bere limodzi.

"Wagwa pamasitepe, achimwene," anatero Esinta, maso ali kukhomo. "Ingosinthani mkonowo basi. Nkhokweyo isiyeni, ndikuchedwa kuntchito."

"Mkono watsopano sugwira ntchito osatsegula nkhokwe, iwenso ukudziwa. Nanga Ndaona ali bwanji?"

"Ali bwino. Wangopsa pang'ono ndi tiyi."

Yolamu anayang'anitsitsa pothyokapo. Chitsulocho sichinali chophwanyika ngati chogwa. Chinali chopotokola ngati nzimbe, ndipo panali zipsera za zala zamphira, zala za mlezi mwini wakeyo. Analumikiza chingwe pachifuwa paja, zithunzi n'kuyamba kuoneka pakhoma.

Anaona khitchini ya mlongo wake. Anaona Ndaona, mphwake wa zaka zisanu ndi chimodzi, akulira chifukwa chotapa nthuli ya nyama mupoto. Anaona dzanja la munthu wamkulu likukokera timanja take pa mbaula yofiira. Nkhope ya mwini dzanjalo inali ya Esinta, ndipo sikanali koyamba. Mlezi uja anali atauzidwa kuti aime pakona, ndipo anaimadi. Pambuyo pake anamanga mabala a mwanayo, napita pageti. Miyendo yake inakana kudutsa, poti anamupanga kuti asatuluke yekha. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anagwira mkono wake wamanzere n'kuupotokola mpaka unathyoka.

Yolamu anachotsa maso pakhoma paja. Anawerama pafupi ndi nkhope yagalasi ija.

"Iwe, unadzithyola dala?"

"Sindiloledwa kunena za m'nyumba," anayankha mlezi ndi mawu ake ofatsa oimbira ana. "Ndathyoka. Chonde ndikonzeni."

Apo Esinta anagwada pansi, pakati pa mawaya ndi masikuluwu, n'kugwira mwendo wa mchimwene wake.

"Achimwene, inu ndinu mwini mbumba. Nkhani ngati iyi imathera pamphasa, osati kupolisi. Itanani abale tikhale pansi, mundikalipire, mundimenye kumene ngati mukufuna. Ndinangopsa mtima ine. Kodi amayi sankatikwapula ife? Tinafa?"

"Kukwapula ankatikwapula, koma moto sanatigwiritsepo."

"Ndiye mundipereke ndinu? Inuyo?"

Yolamu anamva chisoni chimene sanamvepo chibadwire. Mkazi ameneyu ali wakhanda, Yolamu yemweyo ndiye anamuphunzitsa kuyenda. Koma mbumba imene ankaiyang'anira sinathere pa Esinta. Ndaona nayenso anali mbumba yake, ndipo akanati angokhala chete, madzulo omwewo mwanayo akanabwerera kukhitchini komwe kuja. Anatenga foni n'kuimbira apolisi.

Esinta anamangidwa. Ndaona anabwera kudzakhala kwa amalume ake, timanja tili m'mabandeji, akudya mochita kudyetsedwa. Achibale anamusala Yolamu ngati wakhate. Pamaliro akakhala pabenchi, anzake ankapeza chifukwa chosunthira.

Chimene palibe anachiganizira n'chakuti mlezi akakonzedwa, nzeru zatsopano zimene watola zimapita kufakitale, n'kugawidwa kwa alezi onse. Za m'nyumba sizinkatuluka, koma njira yodzithyola mkono pofuna kufika kwa wokonza inatuluka. Mvula isanagwe chaka chimenecho, pashopu pa Yolamu panali mzere wa alezi othyoka mkono wamanzere, ochokera ku Ndirande, ku Chilomoni, ngakhale kunyumba zamipanda yamagetsi za anthu olemekezeka. Eni ake onse ankati wagwa pamasitepe, ngakhale amene nyumba zawo zinalibe masitepe. Yolamu ankatsegula nkhokwe, kuona, kuimba foni, kenako kutuluka panja kukasanza.

Koma anthu si opusa pa zoteteza khungu lawo. Posakhalitsa mzinda wonse unadziwa tanthauzo la mlezi wothyoka mkono, ndipo eni alezi anasiya kuwatengera kwa wokonza. Mzere uja unafupika, kenako unatheratu. Pawailesi analengeza kuti milandu yozunza ana yatsika kwambiri, akuluakulu n'kuombera m'manja lamulo lawo.

Tsiku lina masana, Yolamu ankachokera kusukulu kokatenga Ndaona. Akudutsa pafupi ndi mpanda wautali wa njerwa, wokongoletsedwa ndi maluwa ofiirira, mwanayo anaima mwadzidzidzi n'kubisa manja ake m'khwapa.

"Amalume, tamverani."

Kuseri kwa mpandawo kunkamveka kulira kwa chitsulo chopotokoledwa pang'onopang'ono. Kenako phwa! Kunakhala zii, ndipo posakhalitsa kunayambanso.

"Mkono wa mlezi wanga uja unalira choncho," ananong'ona Ndaona. "Koma uyu wathyola kale umodzi. Akamaliza winawo adzithyola ndi chiyani?"

Yolamu anagogoda pageti mpaka zala zinauma. Patapita nthawi, pakabowo ka pageti panatuluka mawu aulemu a bambo wina.

"Tikuthandizeni, bambo?"

"Ndine wokonza alezi. Ndamva ngati wanu wawonongeka."

"Ayi, zikomo kwambiri. Kuno zonse zili bwino."

Kabowo kaja kanatsekeka. Yolamu anaimba foni kupolisi, koma anamufunsa funso limodzi lokha: kodi mwatsegula nkhokwe, mwaona ndi maso anu? Anayang'ana mpanda uja, nayang'ana mipanda ina yonse yondandalika mpaka kuphiri, ndipo mantha anamugwira. Lamulo linkamukakamiza kunena chilichonse chimene waona, koma mzinda wonse unali utaphunzira kusamuonetsa kanthu.