Mawu Amene Anamatirira pa Tepi

Della anabweza tepi kumbuyo, n'kudina batani. Gitala yamagetsi ya malemu bambo ake inayamba kulira mokoma monga mwa masiku onse, kenako panamveka mawu ake iye akuimba. Anatsinzina, akupemphera kuti mwina makina sanagwire. Koma anali atagwira.

"Tulukani! Bola akanatsala Adadi, osati inu!"

Anali mawu ake omwe, aukali, onyansa. Pansi pa mawuwo, chapatali, bambo ake ankamveka akunena motsitsa kuti, "Iyi ndi yako, Lorna wanga."

Makinawo anali akalekale, a magudumu awiri, ojambulira m'njira imene anayambitsa katswiri wina wa gitala wobadwira m'tauni mwawo momwemo ku Wisconsin, ku America. A Wendell Novak, bambo a Della, ankachita kumupembedza munthuyo. Ankajambula gitala, n'kubweza tepi, n'kuimbanso pamwamba pake, mpaka munthu mmodzi kumamveka ngati bandi yathunthu. Koma makinawo analibe chisoni. Chatsopano chikalowa, chinkasakanikirana ndi chakale mpaka kalekale, ngati mchere mu ndiwo. Ndipo pa zonse zimene a Wendell anasiya, tepi imeneyi yokha ndi imene inali ndi mawu awo.

Amayi ake anali atamuuza m'mawa womwewo kuti adikire Loweruka, amalume ake a Russ adzayambe akopera nyimboyo pa kompyuta. Koma mpikisano wokumbukira katswiriyo unali Lachisanu kusukulu, ndipo Della ankafuna kuti anzake onse amve akuimba ndi bambo ake m'njira yeniyeni yakale. Kudekha sikunali mbali yake mwana ameneyu. Atangoweruka anatsikira m'chipinda chapansi pa nyumba yawo, n'kuyatsa makina.

Zinkayenda bwino ndithu, mpaka amayi ake, a Lorna, atafika kuchokera kuntchito ku fakitale ya tchizi. Atamva gitala ya amuna awo, anatsika masitepe jekete lili m'thupi, kuti amveko pamalo paja pamene ankatchulidwa dzina. Chitseko chinalira, Della anasokonezeka, ndipo pakamwa panathamanga kuposa mutu. Amayi ake anangotembenuka n'kukwera. Apa m'pamene anaona kuti kanyali kofiira kosonyeza kuti makina akujambula kanali kakuyakabe.

Anaika tepiyo mkati mwa jekete n'kuthamanga m'chipale chofewa kupita ku shopu ya amalume ake, kumene ankakonza mawailesi ndi magitala. Anagwa kawiri panjira koma sanamve kupweteka.

"Amalume, chonde, ndithandizeni! Ndaononga, ndaononga!"

"Iwe, puma kaye. Wakuthamangitsa ndani, galu?" anatero a Russ akuseka. Koma atamvetsera tepiyo, kuseka konse kunatha. Anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Chotsani mawu angawo," anatero Della. "Inu mumatha chilichonse. Kompyuta ingathe, eti?"

"Ingayese kuwachepetsa, koma wakuwa kwambiri, mwana iwe. Bambo ako ankangonong'ona. Ndikachotsa iwe, iwonso apita."

"Ndigwira ntchito muno chaka chonse osalandira kanthu. Tengani ndi gitala yanga yomwe!"

"Gitala yako ndiitani ine? Madzi akatayika saoleka, Della." Anatsegula kabati n'kutulutsa lezala. "Njira ndi imodzi basi. Tidule kachidutswa kameneko, tilumikize kotsalako. Nyimbo izidumpha pang'ono, koma chitonzo chako chichoka."

"Nanga mawu a Adadi?"

"Apita nacho limodzi."

Della analira ngati mwana wamng'ono. Kenako anapukuta mphuno n'kunena kuti, "Dulani. Amayi asadzamvenso zimenezo."

"Ayi," anatero a Russ akumupatsa lezala ndi tepi yomwe. "Nyimboyi si yako, si yanganso. Mwini wake ndi mlongo wanga. Pita ukamufunse."

Njira yobwerera inatalika. Anapeza amayi ake atakhala kukhitchini, jekete lija asanavulebe, khofi atazizira m'kapu. Della anaika tepi ndi lezala patebulo, n'kufotokoza zonse maso ali pansi.

"Amayi, pepani. Sindimatanthauza zimene zija. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndiloleni ndidule, chonde, zichoke."

A Lorna anatenga lezalalo, n'kuliyang'ana, n'kuliponya m'bini.

"Sudula."

"Koma Amayi, muzimva ndikukunenani choncho nthawi zonse!"

"Ndamva kale," anatero amayi ake mofatsa. "Lezala silifika pamene zalowa. Koma bambo ako akunditchula dzina, ndikawamva kuti kwina? Undiuze, Della. Kuti?"

Della anagwada n'kubisa nkhope pamiyendo ya amayi ake. Patapita nthawi, dzanja lozizira linafika pamutu pake, koma silinamusisite. Linangokhala pamenepo.

Lachisanu sanapite ku mpikisano. Anzake atamufunsa, anangoti nyimbo yake sinatheke.

Lamulungu masana, monga ankachitira chimwalirireni amuna awo, a Lorna anatsikira m'chipinda chapansi kukamvetsera. Della anamva magudumu akuyamba kuzungulira. Mtima unamuuza kuti athawire panja, akayende mpaka nyimbo ithe. Anafika pakhomo, n'kugwira chitseko, koma anabwerera. Anatsika masitepe pang'onopang'ono n'kukakhala pa sofa pafupi ndi amayi ake.

Gitala inakwera, malo aja akuyandikira. Della anafuna kutseka makutu, koma anaona amayi ake akuweramira kutsogolo, atatsinzina, akutchera khutu ngati munthu wofuna kumva mnzake pakati pa phokoso la msika. Mawu aukali aja anaphulika m'chipindamo. A Lorna anagwedezeka pang'ono ngati awaomba mbama, koma milomo yawo inkayenda limodzi ndi kunong'ona kwa amuna awo.

Nyimbo inatha.

"Bweza," anatero amayi ake. "Sindinawamve bwino."

Della anaimirira, misozi ikutsika, n'kubweza tepiyo ndi dzanja lake.