Kabichi wa ku Simlemba

"Mwandiphera mbande zanga, achimwene. Chitsulo chanuchi n'chodzalira kapena chothyolera?"

Awa ndiwo mawu oyamba amene Zelesi anamuyankhula Nedson. Anamupeza m'dimba la bambo ake, kumunsi kwa Chamama, akukankha chinthu cha matayala awiri a njinga, paipi pakati, mlomo wachitsulo pansi. Kumbuyo kwake mbande za tomato zinali mbwee, zambiri zothyoka makosi. Bambo ake ndiwo anamulola mnyamatayo, wowotcherera zitsulo pamsika, kuti ayesere pamenepo makina ake owokerera mbande. Koma nazaleyo ankathirira ndani? Si Zelesi?

Nedson sanakane mlandu. Anapepesa, n'kufotokoza kuti makinawo ndi a anthu awiri: wina kukankha, wina kuyenda pambali n'kumaponya mbande mupaipi mlomo ukangotseguka. Iye ankachita zonse yekha poti analibe womuthandiza.

"Ndiye pakamwa mulibe? Mukanapempha," anatero Zelesi, n'kunyamula beseni la mbande.

Zinayamba choncho. Madzulo dzuwa likapepa, awiriwo ankalowa m'dimba, phewa kukhudza phewa. Ntchito yake sinali yamasewera. Ukachedwa pang'ono, phando limapita lopanda kanthu. Ukafulumira, mlomo umadula mbande. Mizere yawo yoyamba inali ngati mano a nkhalamba. Nedson ankabwerera kushopu kukadula, kuwotcherera, kusintha tcheni. Zelesi ankafesa nazale ina, manja kuchita kulimba ngati chikopa. Chinatha chilimwe chonse kuti mwendo wa Nedson ndi dzanja la Zelesi zimvane. Pomwe anthu amayamba kuwokera fodya, mizere yawo inkatuluka yodzaza, ndipo "achimwene" uja anali atasanduka "wanga".

Tsiku lina atamaliza mzere wopanda mpata ndi umodzi womwe, Nedson anamugwira dzanja lamatope lomwelo.

"Zele wanga, mupaipi iyi simudzadutsa mbande ya dzanja lina. Makina oyamba akangogulidwa, amalume akubwera kwanu."

Mtsikana uti sakanakhulupirira?

Fodya atalowa m'zigafa, kuderako kunabwera mlangizi watsopano wa zaulimi, dzina lake Ezelina. Ankayenda pa njinga yamoto, atavala magalasi akuda, zikhadabo zopaka utoto. Makinawo anamusangalatsa, moti analonjeza kukonza tsiku lachionetsero kuti alimi adzawaone. Kuyambira pamenepo dzina lake silinkachoka pakamwa pa Nedson. A Ezelina akuti tikweze chogwirira. A Ezelina akuti dothi la ku Simlemba ndi lamchenga, tikayesereko matayala.

Loweruka lililonse makina ankakwera ngolo kupita ku Simlemba, Zelesi n'kutsala. Akati apite nawo, Nedson ankati kumeneko sakudzala kanthu, akungoona mmene matayala akumirira mumchenga, ndiye angavutikirenji wokondedwa wake ndi dzuwa? Kenako foni inkalira: "Bebi, ndili ndekhandekha kuno ndi zitsulo. Ndakusowa koopsa."

Zelesi ankawerenga uthengawo mtima ukuwira. Akamva njinga yamoto ikudutsa pamsewu, kheni yothirira inkamugwa m'manja. Komabe ankadzidzudzula yekha. Nsanje yanji imeneyi? Munthu akufunira tonse zabwino!

Tsiku lachionetsero linachitikira ku Simlemba komweko. Zelesi anachapa chitenje chake chatsopano, nasankha mbande zonenepa zokhazokha. Alimi, kuphatikizapo bambo ake, anadzaza m'mbali mwa dimba, ena atakwera pachulu. Zelesi atati anyamule beseni, Nedson anamunong'oneza kuti mzere woyamba aponye alangizi, n'zongofuna zithunzi basi, iwo sanaponyepo mbande n'kamodzi komwe. Zelesi anapatuka. Mumtima anati aponye, tione mano a nkhalamba.

Makina ananyamuka. Mlomo kutseguka, mbande kulowa. Kutseguka, kulowa. Ezelina sankayang'ana n'komwe paipi. Ankaseka, maso ali pa Nedson, phewa lake lili pomwe pankakhala la Zelesi. Mzere unatha wodzaza thothotho! Anthu anaomba m'manja.

Zelesi sanaombe nawo. Chimene iye anachivutikira chilimwe chonse, munthu angachidziwe lero lomwe?

Anachoka pagulupo osadziwa kolowera, n'kuzungulira kuseri kwa chigafa. Kumeneko anaima chilili. Dimba lina lonse linali kabichi, mizere yowongoka, mipata yake yomweyo ya makina awo. Mizere yakumapeto inali ndi mapando ogweka, yotsatira ochepa, inayo yodzaza. Ndipo kabichi woyambayo anali atamanga kale mitu.

Mayi wina amene amathirira pamenepo anamupatsa moni, n'kuyamba kuyamikira osafunsidwa. Anati awiriwo ndi odalitsika, Loweruka lililonse amabwera limodzi, akatopa amakhala pansi pa mango apo kudyetsana nzimbe. Anati wamva kuti chinkhoswe chili pafupi. Kenako anamufunsa Zelesi ngati ndi mlongo wake wa mwamunayo.

Zelesi anawerama, nazula kabichi mmodzi ndi mizu yomwe.

Anabwerera makina akuyamba mzere wachiwiri. Analowa m'dimba, naima kutsogolo kwa mlomo wachitsulowo. Nedson anaimitsa mwadzidzidzi, mbande ya Ezelina n'kugwera pambali. Zelesi anaponya kabichi uja pamapazi pake, dothi n'kumuwazikira pa buluku.

"Zele, anthu akuona. Tikambirana kunyumba."

"Aone. Pomwe ndinkapsa ndi dzuwa analipo ndani woona?"

Ezelina anavula magalasi, nafunsa Nedson motsitsa mawu ngati ameneyu si mtsikana wogulitsa mbande uja anamuuza. Wogulitsa mbande! Mawuwo anamulasa Zelesi kuposa kabichi yense wa kuseri kuja. Misozi inafika, koma anaikaniza.

Nedson anayang'ana pansi, manja ali gwa pachogwirira. Zelesi anakweza mawu.

"Unandiuza wekha kuti makinawa ndi a anthu awiri, ndipo pano taima atatu. Sindichoka pamzere uno. Tchula dzina, Nedson, awa amve, bambo anga amve. Wachiwiri wako ndani? Yankha."