Tiana ta Kamba Kuseri kwa Linga

Bozoma anatuluka m'chipatala cha m'tauni minibasi yomaliza itapita kale. Mwamuna wake, Nyameke, anali atatsirizika dzuwa likulowa. Mayiyu sanalire. Anangokulunga patapata wa malemuyo pachitenje, n'kuuyamba wapansi kukauza ana kumudzi.

Njira yachidule imakwera phiri lolowa m'nyanja, n'kudzera pa linga lakale lomwe azungu ankatsekeramo akapolo podikira zombo. Usiku anthu sadzerako. Iye analibe nazo ntchito. Mileme inkatuluka m'zipinda zamdima za lingalo, apusi akutsokomola m'mitengo, koma zonsezo ankazimva ngati zikuchitikira munthu wina. Atapitirira mizinga yadzimbiri, miyendo yake inasiya njira yokha, n'kutsikira kumchenga wa kuseri kwa linga, kumene mafunde akakoka munthu sam'bweza. Ankangolunjika kumadzi.

"Mayi, pondani bwino. Muponda ana."

Anaima. Pambali pake panali nkhalamba yovala jekete loyera la mabatani amkuwa. Anayang'ana pansi... mchenga unkayenda! Tinali tiana ta kamba wa m'nyanja, tongoswa kumene, tikukwawira kumtunda, nkhanu zikutiwakha.

"Tianati tasokera, tikulondola magetsi a m'tauni," inatero nkhalambayo. "Tatitoleni mukatiike m'madzi. Anga manjawa sagwiranso kanthu."

Bozoma anagwada, natolera tiakambato pachitenje, n'kukatitula pamene funde limathera. Anabwerera kanayi. Ulendo wachisanu mwezi unatuluka. Pamchenga panali mapazi ake okha. Nkhalambayo inali itamutsatira maulendo onse... koma sinasiye phazi ngakhale limodzi. Jekete lake linkadontha madzi. Pansi pali pouma!

"Nyameke wadzera pano madzulo ano," inatero. "Akuti musamulondole. Ana sanadye."

Dzinalo Bozoma anali asanalitchule. Anacheuka. Mchenga wokhawokha... ndi mafunde.

Kuthawa sanathawe. Anakwerera kunjira, nayenda mpaka kukafika kumudzi kunja kukuyera. Anapeza mlamu wake Ehwia akuwamba nsomba, namuuza za maliro, kenako za nkhalambayo, mawu ali phwa ngati akunena za mtengo wa mchere.

Ehwia anagwetsa nsomba m'phulusa.

"Jekete la mabatani amkuwa? Mayo ine! Mlamu, amenewo ndi Egya Kwaw, aja ankayatsa nyali younikira zombo paphiripo. Mafunde anawakokolola pamchenga womwewo akutchingira mazira a akamba. Inu musanakwatiwe n'komwe kuno! Zaka makumi awiri zapita, mtembo sunapezeke."

Bozoma anangogwedeza mutu. Analowa m'khitchini, nasonkha moto, n'kutereka chinangwa.

"Ndikawadzutse anawo?" anafunsa Ehwia, misozi ili chuchuchu.

"Adzutseni, koma musawauze kanthu," anayankha Bozoma. "Adye kaye. Za bambo awo ndiwauza akakhuta."